Mafunso Anu: AI, Mafakitale ndi Ntchito Zathu

Chitulukireni ChatGPT, pulogalamu ya AI yoyankha mafunso polemba, mu November 2022, makalata ofunsa za AI sakuphwa. Kuti tiyambire pamodzi: AI ndi mapulogalamu a pakompyuta amene sachita kuuzidwa chilichonse chimodzichimodzi, koma amaphunzira poona zitsanzo zambirimbiri, kaya zolemba, zithunzi, mawu kapena manambala, kenako n'kumalosera chotsatira. Mwezi uno tasankha makalata asanu ndi awiri okhudza chuma ndi mafakitale. Ena tawafupikitsa.

FUNSO: Tsiku lililonse ndikumva kuti AI ikweza chuma cha dziko lonse lapansi. Ikweza bwanji, ndipo ndi mlingo wotani? Kapena ndi nkhambakamwa za ogulitsa makompyuta?
Wophunzira zachuma, Zomba

YANKHO: Akatswiri eniakewo akukanganabe, ndipo sakusiyana pang'ono. Mu 2023 banki ya Goldman Sachs inawerengera kuti AI ya mtundu wa ChatGPT ikhoza kukweza chuma cha dziko lonse ndi 7 peresenti pa zaka 10. Chaka chotsatira Daron Acemoglu wa pa yunivesite ya MIT, yemwe analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2024 momwemo, anawerengera za dziko la America n'kupeza pafupifupi 1 peresenti yokha. Akupatukirana pa funso limodzi: mwa ntchito zonse zimene anthu amagwira, ndi zingati zimene makina angagwire motchipa kuposa munthu m'zaka zikubwerazi? Acemoglu akuti sizikwana 5 pa 100 zilizonse.

Umboni wogwirika ulipo pa ntchito imodziimodzi. Katswiri wa zachuma Erik Brynjolfsson ndi anzake awiri anatsata anthu oposa 5,000 oyankha makasitomala pa kampani ina ya mapulogalamu. Atapatsidwa AI yowanong'oneza mayankho, madandaulo amene ankathetsa pa ola anakwera ndi 14 peresenti. Koma phindulo silinagwe mofanana: ongoyamba kumene anakwera ndi 34 peresenti, pomwe amkhalakale pa ntchitoyo sanasinthe kwenikweni.

Nanga n'chifukwa chiyani zoterezi sizikuonekabe m'mabuku a chuma cha mayiko? Mbiri ya magetsi ikuyankhani. Thomas Edison anayatsa siteshoni yake ya Pearl Street ku New York mu 1882, koma phindu la magetsi m'mafakitale a ku America linadzaoneka bwino m'ma 1920. Magetsi asanabwere, fakitale inkayendera injini imodzi yaikulu ya nthunzi. Injiniyo inkazunguza chitsulo chachitali chodutsa kudenga, ndipo makina onse ankakoka mphamvu pa chitsulocho ndi malamba, monga muonera pa chigayo cha dizilo. Magetsi atabwera, eni ake anangozula injini ya nthunzi n'kuikapo mota imodzi yaikulu. Chitsulo chomwechija, malamba omwe aja, makina ounjikana pomwe paja. Phindu linali la apo ndi apo. Zinadzasintha atayamba kuika mota yaing'ono pa makina aliwonse, n'kumanga mafakitale atsopano apansi, makina atandandalikidwa motsata mmene katundu amayendera kuchokera polowera mpaka potulukira. Zinatenga zaka pafupifupi 40. Makompyuta nawonso anachedwa chimodzimodzi, mpaka katswiri wa zachuma Robert Solow mu 1987 anaseka kuti akuoneka paliponse kupatula m'ziwerengero za zomwe antchito akutulutsa.

Ofesi imene yalipirira antchito ake ChatGPT koma fomu iliyonse ikudikirabe masiginecha anayi ndi chidindo cha abwana amene ali kumaliro, idakali pa mota imodzi ija. Ife tikuona kuti pa zaka 10 zoyambazi Acemoglu ndiye ali pafupi ndi zoona.

FUNSO: Ndine kapitawo wa amakaniko pa fakitale yokonza zakudya. Abwana akufuna tigule AI yoti izitichenjeza makina asanawonongeke. Tiyambire pati?
Kapitawo, Kanengo

YANKHO: A kapitawo, yambani ndi buku, kompyuta ibwere pambuyo. Tsegulani kaundula wa zowonongeka wa zaka ziwiri zapitazi muone ngati munalembedwa tsiku, makina ake, chimene chinathyoka ndi maola amene fakitale inaima. Ngati mwangolembedwa kuti "takonza", pulogalamu ilibe pophunzirira, chifukwa siingadziwe kuti kunjenjemera kwa Lachitatu ndiko kunabala beringi yopsa Lolemba lotsatira.

Kenako sankhani makina asanu mpaka khumi, okhawo amene akaima fakitale yonse imaima: kompuresa, pampu ya boila, fani yaikulu, giyabokosi ya lamba wamkulu. Pa aliwonse muike masensa atatu: yoyeza kunjenjemera, yoyeza kutentha ndi yoyeza mphamvu ya magetsi imene mota ikukoka. Sensa ya kunjenjemera imangidwe ndi bawuti pa chitsulo chosunga beringi, osati pa chivundikiro cha fani, chifukwa chivundikiro chimalira chokha. Ya maginito ndi yabwino poyendera, koma yosiyidwa miyezi imasuntha.

Zimene pulogalamuyo imawerenga si matsenga. Mota ya mapolo anayi pa magetsi athu a 50 Hz imazungulira ka 1,450 kapena kuposerapo pang'ono pa mphindi, kutanthauza pafupifupi ka 24 pa sekondi. Kunjenjemera kukakula pa liwiro lomwelo la ka 24, nthawi zambiri chozungulira chalemera mbali imodzi, mwina fumbi lamata pa mapiko a fani. Kukakula pa ka 48, kawirikawiri shafti ya mota ndi ya makina sizinalunjikane. Beringi ikayamba kudyeka imalira pamwamba kwambiri, pomwe khutu silingatole kanthu m'phokoso la fakitale, ndipo imatero nthawi yaitali isanayambe kutentha. Pa mota zapakati, za 15 mpaka 300 kW zokhazikidwa pa simenti, mlingo wa padziko lonse wotchedwa ISO 10816 umati kunjenjemera kopitirira 4.5 mm pa sekondi n'kowononga.

Chimene wogulitsa sangafulumire kukuuzani n'chakuti zambiri mwa izi makaniko mmodzi wokhala ndi kamita ka m'manja, woyendera makina sabata iliyonse, akhoza kuzigwira. AI imayamba kubweza ndalama zake makina akachuluka moti munthu sangawayendere onse, kapena zizindikiro zitatu zikamasintha pang'onopang'ono nthawi imodzi, chilichonse chili pansi pa mlingo wochenjezera.

Ipatseni miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi ingomvetsera, iphunzire kalilidwe ka makina ali bwino, nyengo yotentha ndi yozizira, odzaza ndi opanda katundu. Zimalakwika motere. Magetsi a ESCOM akazima n'kulowa jenereta, liwiro la mota limasintha pang'ono ndipo pulogalamu imakuwa kuti kwaopsa. Ilembereni maola onse a jenereta kuti izisiyanitsa. Wina akathira girisi wambiri, beringi yabwinobwino imatentha. Machenjezo abodza akachuluka, pakutha pa mwezi aliyense amangowadina n'kupitiriza ntchito, ndiye tsiku la chenjezo loona palibe amadzuka. Sankhani munthu mmodzi, wodziwika ndi dzina, woti chenjezo likalira apite pa makinawo n'kulemba chimene wapeza. Ndipo chenjezo la milungu itatu n'lachabe ngati sipeya imatenga miyezi iwiri kudikira ndalama zakunja kubanki. Maberingi ndi malamba a makina khumi aja akhale m'sitolo mwanu musanayatse chilichonse.

FUNSO: Mwana wanga wangolembedwa kumene ntchito yoyankha makasitomala pafoni. Anzake akumuuza kuti AI imulanda ntchito chaka chisanathe. Ndi zoona?
Mayi wa ku Ndirande

YANKHO: Mayi, mtima ukhale m'malo, koma mwanayo asagone. Bungwe la IMF linanena mu January 2024 kuti ntchito pafupifupi 40 pa 100 zilizonse padziko lapansi zikhudzidwa ndi AI: 60 m'mayiko olemera, 40 m'mayiko okwera kumene, 26 m'mayiko osauka. Kukhudzidwa si kuchotsedwa. Pafupifupi theka la ntchito zokhudzidwa m'mayiko olemerawo AI izingozipepuza. Ife tili m'gulu la 26 chifukwa ambiri timagwira khasu, njerwa ndi chiwongolero. Koma ntchito ya mwana wanu ili m'gulu lomwe lili kutsogolo kwenikweni, pamodzi ndi kulemba makalata, kulowetsa manambala m'kompyuta ndi kumasulira.

Ofulumira ena abwerera m'mbuyo. Kampani ya Klarna ya ku Sweden inalengeza mu February 2024 kuti AI yake ikugwira ntchito ya anthu 700 oyankha makasitomala, koma mu 2025 mkulu wake anavomera kuti makasitomala sakuthandizidwa bwino mokwanira ndipo anayambanso kufuna anthu. Mwezi womwewo wa February 2024 bwalo lina ku Canada linalamula Air Canada kubwezera ndalama munthu amene pulogalamu yawo yocheza inamunamiza za mtengo wa tikiti yopitira kumaliro. Ku New York, mu 2023, maloya analipitsidwa $5,000 atapereka kukhoti milandu yakale imene ChatGPT inangopeka. Mapulogalamuwa amalosera mawu omveka bwino, ndipo akasowa yankho loona amapereka lomveka bwinolo mosaphethira.

Mafunso osavuta, monga a balansi ndi a pasiwedi yoiwalika, apita kwa makina, ndipo makampani azilemba achinyamata ochepa kuposa kale. Otsala adzakhala othana ndi kasitomala wokwiya amene ndalama zake zapita ku nambala yolakwika. Mwana wanu aphunzire malamulo a kampaniyo mpaka kumchira, azipempha milandu yovutayo, ndipo aphunzire kugwiritsa AI n'kumagwira mabodza ake. Chimodzi asachite: kukopera mayina, manambala a foni kapena a akaunti za makasitomala m'mapulogalamu aulere a pa intaneti. Malawi ali ndi lamulo loteteza data la 2024, ndipo zotere zikhoza kumuchotsetsa ntchito AI isanatero.

FUNSO: Kopaletivi yathu imagula mtedza ndipo tikufuna msika wakunja. Tamva za makina a AI osankha mtedza ndi kamera. Kodi athetsa vuto la chuku?
Mlembi wa kopaletivi, Mchinji

YANKHO: Alichepetsa kwambiri, koma salithetsa. Amagwira motere: mtedza woswa umatsika m'ngalande zotsetsereka, njere zitabalalika. Pamene ukugwa m'malere, makamera amaujambula mbali zonse ziwiri, pulogalamu imaweruza njere iliyonse, ndipo kampopi ka mphepo kamauzira yoipayo kumbali. Makina akale ankangoona mtundu. Amakono, monga a Bühler ndi TOMRA, amaonanso kaumbidwe, ndipo mumawaphunzitsa powaonetsa njere zabwino ndi zoipa: zonyala, zoboola ndi tizilombo, zakuda, zosweka, timiyala ndi tizikhokho.

Poizoni wa chuku, wotchedwa aflatoxin, saoneka ndi maso. Makina amachotsa njere zimene nthawi zambiri zimakhala naye, koma ina yooneka bwino ikhoza kudutsa ili naye mkati. Mayiko a mu European Union salola kupitirira magawo 4 pa biliyoni pa mtedza wodyedwa mwachindunji, kotero njere zoipa zowerengeka m'thumba zikhoza kubwezetsa kontena yonse. Kuyezetsa ku labotale sikuthawika, ndipo sampulo izitengedwa m'matumba ambiri, pamwamba, pakati ndi pansi, chifukwa poizoniyu amaunjikana m'njere zochepa.

Musanagule, onani izi. Pamafunika kompuresa yopereka mphepo ya mphamvu ya mabaa 6 (baa ndi muyeso wa kupanikizika kwa mphepo) kapena kuyandikira pamenepo, youma ndi yopanda oilo. Madzi akalowa, timipopi timamata ndipo zoipa zimadutsa. Pamafunika chotetezera magetsi, chifukwa kuzimazima kumapha makamera. Mtedza uyambe wapetedwa ndi kusefedwa, popeza fumbi likaphimba galasi makina amaona zonse ngati zoipa. Muwaphunzitse mtundu uliwonse paokha: CG7 ndi wofiira, Chalimbana ndi wotuwa, ndipo makina ophunzira pa CG7 akhoza kutaya Chalimbana wabwinobwino. Mukathamangitsa mtedza kuposa mlingo wake, njere zimagwa zitaphatikana ndipo mphepo imataya zabwino pamodzi ndi zoipa. Zotayidwazo muzizidutsitsanso kachiwiri kuti mupulumutse zabwino.

Nkhondo yaikulu ili kumunda. Mtedza uumitsidwe mpaka chinyontho chitsike kufika pa 7 kapena 8 peresenti, osati pa dothi, ndipo mamembala asiye kuwaza madzi pa makoko pofuna kuti asweke mosavuta. Mtedza wonyowetsedwa chotero makina adzangokutayirani wambiri, mutaugula kale pa sikelo. Wotsalira womaliza uja musaugulitse kwa opanga nsinjiro kapena chiponde, ngakhale kudyetsa ng'ombe zamkaka, chifukwa poizoniyo amatulukira mu mkaka.

FUNSO: Ndalama zonse zikunenedwazi akudya ndani? Bwanji Malawi asamange nyumba zake za makompyuta a AI kuti nafe tidyeko?
Wamalonda, Mzuzu

YANKHO: Pakadali pano akudya bwino ndi ogulitsa zida. Nvidia ya ku America, yokonza mapulani a matchipi (tizipangizo tomwe ndi ubongo wa kompyuta) ophunzitsira AI, mtengo wake pamsika unadutsa $1 thiriliyoni mu 2023 ndi $4 thiriliyoni mu July 2025. Matchipi akewo amapangidwa ndi TSMC ya ku Taiwan, ndipo makina osindikizira matchipi apamwamba kwambiri amapangidwa ndi kampani imodzi yokha padziko lonse, ASML ya ku Netherlands. Msikawo ndi wamantha: pa 27 January 2025, kampani ya DeepSeek ya ku China itaonetsa kuti AI yabwino ikhoza kupangidwa motchipa, mtengo wa Nvidia unatsika ndi pafupifupi $590 biliyoni tsiku limodzi.

Chachiwiri ndi magetsi. Bungwe la International Energy Agency linawerengera kuti nyumba zosungira makompyuta akuluakulu zinadya ma terawatt-hour 415 mu 2024 (terawatt-hour imodzi ndi mayunitsi a magetsi biliyoni imodzi), pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi a dziko lonse lapansi, ndipo likuyembekeza kuti pofika 2030 zizidya kuposa kawiri. Mu September 2024 Microsoft inagwirizana zogula magetsi onse a siteshoni ya nyukiliya ya Three Mile Island ikadzatsegulidwanso, ma megawati 835. Siteshoni imodziyo ikuposa magetsi onse amene Malawi amapanga, kuphatikiza Nkula, Tedzani, Kapichira ndi sola ya ku Salima. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022, n'kutichotsera ma megawati 130. Makompyuta ophunzitsira AI sadikira ndandanda ya kuzima kwa magetsi. Kampani ya Cassava Technologies ya Strive Masiyiwa, wamalonda wa ku Zimbabwe, polengeza mu March 2025 kuti ikhazikitsa makompyuta a Nvidia mu Africa, inayambira ku South Africa.

Kumunsi kwenikweni kuli aganyu olemba zizindikiro pa zithunzi ndi zolemba kuti makina aphunzirepo. Magazini ya TIME inaulula mu January 2023 kuti a ku Kenya amene ankasefa zolemba zonyansa pothandiza ChatGPT ankalandira ndalama zosakwana $2 pa ola.

Kwa ife kuno, khomo lotseguka ndi logwiritsa ntchito, osati lophunzitsa makina akuluakuluwo. Kubwereka mphamvu ya kompyuta pa intaneti kwa maola ochepa n'kotchipa kutalitali kuposa kumanga. Khomo lina ndi la m'nthaka. Mawaya ndi matransifoma a nyumba zimenezi amadya mkuwa wambiri, ndipo ku Zambia kampani ya KoBold Metals, imene imagwiritsa AI posanthula mapu ndi zotsatira za miyala kuti isankhe poboola, inalengeza mu February 2024 za mkuwa wochuluka ku Mingomba. Tinene chilungamo: deralo linkadziwika kale kuti muli mkuwa, ndipo oboola pansi anali anthu ndi zitsulo.

FUNSO: Ndimasoka pa fakitale ya zovala. Akuti maloboti apangitsa kuti mafakitale onse abwerere ku Ulaya. Tikonzeke kubwerera kumudzi?
Telala, Johannesburg

YANKHO: Musamange katundu, achimwene. Maloboti a m'mafakitale anapitirira 4 miliyoni padziko lonse mu 2023, ndipo oposa theka la atsopano chaka chilichonse akuikidwa ku China, osati ku Ulaya. Ambiri ali kopanga magalimoto ndi zamagetsi, kumene chitsulo chimakhala pomwe wachiika. Nsalu imapindika, imatamuka, imaterera, ndipo zala za loboti zimalephera kuilondolera pansi pa singano. Adidas inayesa mafakitale a nsapato odzaza maloboti ku Ansbach ku Germany ndi ku Atlanta ku America, koma pofika 2020 inali itatseka onse awiri n'kusamutsira lusolo ku Asia. Kumene AI yalowa kale m'fakitale ngati yanu ndi poyala mapatani kuti nsalu isatayike yambiri, podula, ndi poyang'ana zilema pa nsalu ndi kamera.

FUNSO: Alimi anga ambiri sadziwa Chingerezi. Kodi AI ikhoza kuwalangiza m'Chichewa?
Mlimi wotsogolera, Dedza

YANKHO: Ikhoza, koma Chichewa chake n'chopunduka poyerekeza ndi Chingerezi, chifukwa zolemba za Chichewa zimene inaphunzirapo n'zochepa kwambiri. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014, komabe mpaka lero mayina a mbewu, matenda ndi tizilombo imawasokoneza. Zodalirika ndi zimene zamangiriridwa ku buku lodziwika. Ulangizi, ya bungwe la Opportunity International, imayankha pa WhatsApp m'Chichewa ndi m'Chingerezi kuchokera m'buku la malangizo a ulimi la unduna wa zamalimidwe. PlantVillage Nuru, yochokera ku yunivesite ya Penn State, imazindikira matenda a chinangwa ndi zizindikiro za ntchemberezandonda pa chimanga poona ndi kamera ya foni, ngakhale kopanda netiweki.

Pojambula, tsamba lidzaze chithunzi chonse, dzuwa likhale kumbuyo kwanu, ndipo mujambule masamba angapo, a pamwamba ndi a pansi, pa mbewu zosiyanasiyana m'munda, chifukwa matenda ongoyamba kumene tsamba limodzi limabisa. Chimanga chachikasu chifukwa chosowa feteleza ndi chachikasu chifukwa cha madzi odikha zimafanana pa chithunzi, choncho muuzeni makinawo za dothi, mvula ndi tsiku lobzala. Akakupatsani mlingo wa mankhwala, musathire musanawerenge chizindikiro cha pabotolo kapena kufunsa alangizi a kudera lanu, ndipo muonetsetse ngati mlingowo ndi wa pa hekitala kapena pa ekala, komanso ngati sipuleya imene akunena ndi ya malita 16 kapena 20.